Chiswe chandithera mapesi m'munda, kodi ndiwotche kapena ndipopere mankhwala?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mitundu: "Ndimalima chimanga, mtedza ndi soya pa maekala awiri. Chaka chatha alangizi anatiphunzitsa kuti tileke kuwotcha mapesi, tiziphimbira nawo munda. Ndinayala mapesi mu Juni, n'kuthirapo masamba a mango amene ndimasesa pabwalo. Pofika Okutobala ndinapeza theka la mapesi latha, otsalawo ali ndi dothi m'kati, chiswe chili yakaliyakali. Mvula itagwa kunatulukanso abongololo ambirimbiri. Apongozi anga akuti chiswe ndachiitana ndekha, chikamaliza mapesi chidzagwira chimanga, ndiye chaka chino ndiwotche basi. Wogulitsa mankhwala pamsika akuti ndipopere munda wonse. Chondidabwitsa n'chakuti masamba a mango aja akadalipo, sanawole. Ndichite chiyani?"

Mayi, mtima pansi, simunalakwitse kanthu. Zimene mwaonazo ndi zimene zimachitika zinyalala zikagona pa nthaka yamoyo. Ine ndikanada nkhawa mukanalemba kuti mapesi a mu Juni anafika Disembala ali mbee monga munawayalira, chifukwa kutero kukanasonyeza kuti m'nthaka mwanu mulibe wogwira ntchito. Komanso apongozi anu musawatenge ngati osadziwa. Pa zimene akunenazo pali mbali yoona, ndipo ndifikapo.

Tsamba likagwa siliwola lokha. Amene amalisandutsa chakudya cha mbewu ndi mabakiteriya ndi nkhungu, tizilombo tosaoneka ndi maso. Koma timeneti tilibe mano, ndipo sitiyenda mtunda. Tsamba louma lili ndi khungu lolimba losalowa madzi msanga, phesi ndiye n'kosanena. Taganizani mutapatsa munthu chimanga chosakonola, chosagaya, n'kumuuza kuti aphike nsima. Chiswe, abongololo, nyongolotsi, nkhono, mbozi ndi tizikumbu ndiwo mtondo ndi chigayo cha m'nthaka. Amaboola, amaduladula, amameza, kenako n'kutulutsa timibulu tonyowa tosakanikirana kale ndi mabakiteriya a m'mimba mwawo. Tsamba limodzi likasanduka timibulu mazanamazana, nkhungu imapeza polowera mbali zonse, ndipo ntchito imene ikanatenga zaka imatha m'miyezi.

Zimenezi anthu anaziyesa kalekale ndi njira yosavuta. Mu 1963 akatswiri awiri a ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi ku England, Edwards ndi Heath, anafalitsa zimene anapeza ataika zidutswa za masamba m'timatumba ta nayiloni n'kutikwirira m'nthaka. Timatumba tina tinali ta mabowo aakulu oti nyongolotsi n'kulowa, tina ta mabowo apakati, tina tothinana kwambiri moti munkalowa tizilombo tosaoneka ndi maso tokha. Patapita miyezi, m'timatumba ta mabowo aakulu masamba ambiri anali atatha, pamene m'tothinana tija ankaoneka ngati aikidwa dzulo. Njira yomweyi ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero m'nkhalango ndi m'minda ya m'maiko ambiri. Kwawoko ntchito yaikulu imagwiridwa ndi nyongolotsi, ndipo katswiri wa zachilengedwe Charles Darwin, m'buku lake la 1881, anawerengera kuti m'minda yambiri ya ku England dothi loposa matani 10 pa ekala limadutsa m'mimba mwa nyongolotsi chaka chilichonse. Kuno kwathu zinthu n'zosiyana. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala nthaka ya kumtunda imauma gwa, nyongolotsi zimatsikira pansi n'kudzipinda, mabakiteriya amagona. Wotsala pa ntchito miyezi yonseyo ndi chiswe chokha, chifukwa chimatunga chinyezi pansi patali n'kumayenda nacho m'tinjira take tomata.

Tsiku lina mu Januwale mudzalawire m'munda dzuwa lisanatenthe, mudzagwade pamene pali zophimbira zochindikala, n'kuzitukula pang'onopang'ono ndi kamtengo. Musafulumire, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamwamba mupeza masamba ouma osasintha. Pansi pake pali ena akuda, onyowa, obookabooka, ena atatsala mitsempha yokha ngati ukonde. Muona ulusi woyera wa nkhungu utalumikiza tsamba ndi dothi. Muona timibulu takuda tonga mbewu za mawere, chimenecho ndi chimbudzi cha abongololo, ndipo ndi manyowa okhaokha. Tizilombo toyera ting'onoting'ono tidumpha ngati utitiri, tina tofiirira tonga nthata tikuyenda mwaulesi. Timeneti timadya nkhungu, ndipo podya timaichititsa kuphukanso mwamphamvu, monga mmene kutsina nsonga za nkhwani kumachulukitsira nthambi. Nankalizi athawira pansi pa phesi, kangaude aima chilili. Awiriwa sadya masamba, amasaka anzawo aja, choncho mukawaona dziwani kuti pamalopo chakudya chilipo chokwanira mudzi wonse. Mukanunkhiza dothi lake limamveka fungo la mvula yoyamba. Mukatero mudzapite pamalo pamene panawotchedwa, mudzakande ndi kamtengo komweko, mudzaone ngati mupeze ngakhale theka la zimenezi.

Tsono za chiswe, pakuti ndiye mutu wa kalata yanu. Chiswe chimene timakumana nacho kwambiri m'minda ya chimanga ndi cha mitundu imene imalima bowa. Phesi chikalidya sichiligaya chokha. Chimalitengera kunyumba kwake pansi, n'kuumba nalo zisa zofewa zonga siponji, ndipo pa zisazo pamamera nkhungu ya mtundu wa Termitomyces. Nkhunguyo ndi imene imafewetsa zolimba zonse za m'phesi, kenako chiswe chimadya zisa zakupsazo. Mvula ikagwa nkhungu yomweyo imatulutsa bowa amene timazula pachulu ndi m'mbali mwake, monga utale, nyonzwe ndi manda. Ku Zambia kuli mtundu wake wina umene chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'lifupi, ndipo umadziwika kuti ndiye bowa wodyedwa wamkulu kuposa onse padziko. Ndiye mukadzapatsa apongozi anu ndiwo za utale, mwina n'kuwanong'oneza mwaulemu kuti akudya mapesi a chaka chatha.

Dothi limene munapeza m'kati mwa mapesi lili ndi nkhani yake. Chiswe chili ndi khungu lofewa, dzuwa limachipha msanga, ndipo nyerere zimachisaka usana ndi usiku. N'chifukwa chake chimamata dothi pa chilichonse chimene chikudya, ndipo chikakumba m'kati mwa phesi chimadzazamo dothi kuti lisachigwere. Dothi limenelo chalitenga pansi, nthawi zambiri ndi la makande osalala, ndipo paliponse pamene chatulukira chasiya bowo. Mukachotsa phesi lodyedwa n'kuyang'ana pansi pake muona timabowo tambirimbiri. Mvula yoyamba imalowera mmenemo m'malo mothamanga pamwamba n'kukokolola nthaka. Alimi a kumpoto kwa dziko la Burkina Faso, kumadzulo kwa Africa, kumene nthaka ina inauma mpaka kukhala ngati simenti, amachita kuchiitana chiswe mwadala. Amakumba maenje otchedwa zaï m'chilimwe, n'kuikamo manyowa ndi zinyalala kuti chiswe chibwere chidzaboole pansi. Yacouba Sawadogo, mlimi amene anatchuka ndi njira imeneyi, anabwezeretsa nkhalango pamalo pamene panali pouma, ndipo mu 2018 analandira mphoto yapadziko lonse ya Right Livelihood. Ku Borneo nako, chilumba cha ku Asia, pa chilala cha El Niño cha 2015 mpaka 2016, chomwe chija chinatisautsanso kuno, akatswiri anachotsa chiswe m'zigawo zina za nkhalango n'kusiya zina. Kumene chiswe chinasiyidwa nthaka inasunga chinyezi chochuluka, masamba anawola msanga, ndipo mbande zambiri zinapulumuka.

Apongozi anu akulondola pakuti chiswe chimagwetsadi chimanga. Koma kawirikawiri wolakwa si chiswe cha mitu ikuluikulu chija chomanga chulu, chotipatsa ngumbi ndi agang'a. Ndi china chaching'ono choyera chimene sichimanga chulu n'komwe, timazisa take tili balala pansi pa munda wonse. Chimenechi chimalowa ku mizu, n'kukwera m'kati mwa phesi, makamaka chimanga chikayamba kukhwima chakumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi, kapena ng'amba ikachifooketsa. Mumangoona chimanga chagwa ndi kamphepo kochepa, mukazula mizu palibe. Pa mtedza chimapala makoko, nthawi zina n'kuboola, ndipo mabala amenewo ndiwo khomo la chuku. Zimenezi n'zoona, ndipo ndaziona m'minda yambiri. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa njira yawo yowotcha. Moto wa mapesi umadutsa pamwamba m'kanthawi kochepa, pamene chiswe chili pansi patali, sichimva n'kutentha komwe. Chimene motowo umapha ndi tizilombo tokhala m'zinyalala, ndipo chimene umachotsa ndi chakudya cha chiswe. Chiswecho chikadali pomwepo, chili ndi njala, ndipo chouma chokha chimene chidzapezeke m'mundamo ndi mizu ndi masamba a m'munsi a chimanga chanu. Kafukufuku wa ku Uganda anapeza kuti m'minda ya chimanga yophimbira, chiswe chinkaononga mbewu pang'ono kusiyana ndi m'minda ya mbee, ndipo nyerere zodya chiswe zinkachulukamo. Zimene ndaona ine pa zaka zanga zoyenda m'minda zikugwirizana nazo: munda wosesedwa bwino ngati bwalo ndi umene chimanga chimagwa kwambiri.

Komabe ndisakunamizeni kuti chiswe chimagwira ganyu waulere. Gawo lalikulu la zimene chadya chimapita nalo kwawo, ndiye chonde chake chimaunjikana kuchulu ndi m'zisa za pansi, osati pa phando pamene inu mukuchifuna. N'chifukwa chake chimanga cha m'mbali mwa chulu chimabiriwira kuposa chinzake, ndipo makolo athu ankagumula dothi la pachulu n'kumwaza m'minda ya mchenga. Choncho mapesi odyedwa ndi chiswe salowa m'malo mwa manyowa kapena feteleza. Phindu lake lalikulu ndi madzi olowa pansi ndi nthaka yofewa. Vuto lina ndi limene mwakumana nalo, loti zophimbira zimatha mvula isanabwere, nthawi imene zikufunika kwambiri. Alangizi amati magawo osachepera 30 pa 100 a nthaka azikhala ophimbidwa pobzala. Chaka chino mudzayale gawo lina la mapesi mukangokolola, ena mudzawasanje pa thandala kapena pa mphanda za mtengo, osakhudza pansi, n'kudzawayala chakumapeto kwa Okutobala. Mukhoza kuwonjezera udzu wakale wofolera nyumba ndi masangwi a mtedza ndi soya. Mudzalambulenso m'mbali mwa munda, chifukwa anyamata osaka mbewa safunsa mwini munda asanayatse moto.

Masamba a mango aja sanawole chifukwa tizilombo nato timasankha ndiwo. Tsamba la mango ndi lochindikala, lili ndi khungu losalala ngati lopakidwa phula, ndipo lili ndi zowawa zimene abongololo ndi nyongolotsi sazikonda mpaka mvula itazitsuka kwa miyezi. A bulugamu ndi a paini ndiye oposa apo. Kusiyana kwina kuli pa nayitirojeni, mchere womwe uja timagula mu Urea. Masamba a nandolo, a gilisidiya, a msangu ndi a deliya ali nawo wochuluka, ndipo m'nyengo ya mvula amatha m'masabata ochepa. Mapesi ali nawo wochepa kwambiri, moti mabakiteriya powawoletsa amabwereka nayitirojeni wa m'nthaka, ndipo chimanga chaching'ono chimatha kuchita chikasu masabata oyamba. Ngongoleyo amabweza pambuyo pake, koma mbewu siidikira. Ndiye musachedwe ndi feteleza wokulitsa kapena manyowa a pa phando, ndipo zophimbira zanu zizikhala zosakaniza, zofewa ndi zolimba pamodzi. Zofewa zimadyetsa mbewu ya chaka chino, zolimba zimateteza nthaka ku dzuwa ndi madontho a mvula. Ku Makoka ku Zomba, kumalo ofufuzira zaulimi, analima chimanga pakati pa mitengo ya gilisidiya kwa zaka zambiri kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akumasadza masamba ake n'kuwabwezera m'nthaka, ndipo zokolola zake zinkaposa kutali za munda wosathira kanthu. Masamba a mango a pabwalo, ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndawathira m'khola la mbuzi kuti apondedwe n'kunyowa ndi mkodzo, kapena m'dzenje la kompositi mosinthanitsa ndi ndowe ndi zobiriwira.

Abongololo asakuopseni. Chakudya chawo chenicheni ndi zowolerana. Amalakwa pokhapokha mwabzala ndi mvula yonama, mbewu n'kukhala m'nthaka masiku ambiri itafufuma koma osamera, apo amatha kudya mtedza ndi chimanga chomwe. Akachuluka pamalo amodzi, ikani makoko a papaya kapena zidutswa za mbatata pansi pa chisaka chonyowa madzulo, m'mawa mudzawatole mukawataye kudzenje la kompositi, kumene ntchito yawo ikufunika.

Za kupopera munda wonse, yankho langa ndi ayi. Ndalama zake n'zambiri, mankhwalawo safika kumene kuli zisa, ndipo oyamba kufa ndi nyerere, akangaude ndi nyongolotsi. Nyerere ndiye mdani wamkulu wa chiswe, mukazipha mwachotsa mlonda. Mankhwala amene kale ankathana ndi chiswe kwa zaka, monga aldrin ndi dieldrin, analetsedwa pansi pa pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 chifukwa amakhalitsa m'nthaka n'kulowa m'zakudya ndi m'matupi a anthu. Munthu akakugulitsani ufa kapena madzi a m'kabotolo kopanda chizindikiro n'kumati ndi "achiswe amphamvu akale aja", musalandire. Mankhwala ovomerezeka amakhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, ndipo ngati afunikadi, amathiridwa pa mbewu yobzala kapena pamalo povuta pokha, motsogozedwa ndi mlangizi. Kukumba chulu kuti muphe manthu nakonso sikupulumutsa chimanga kawirikawiri, pakuti chogwetsa chimanga chija sichikhala m'chulumo. Mungotaya ngumbi ndi bowa. Chulu chimene chayandikira nyumba ndi nkhani ina.

Pali zochepa zimene zimathandizadi. Musabandire mochedwa chimanga chitakula, chifukwa khasu limadula mizu ndipo udzu wokwiriridwa pa tsinde umaitanira chiswe pamalo olakwika. Chimanga chikauma musachisiye m'munda nthawi yaitali, ndipo chimene chagwa tolani msanga. Mtedza kumbani pa nthawi yake, nthaka isanaume gwa. Sinthanitsani mbewu, pamene panali chimanga pabwere soya kapena mtedza, pakuti matenda ena a masamba a chimanga amagonera m'mapesi. Kapuchi nayenso amabisala m'mapesi oimirira, koma mukawadula n'kuwagoneka pansi padzuwa ambiri amafa. Mitengo ya thonje ndi ya fodya yokha ndi imene simuyenera kuphimbira nayo, imeneyo tsatirani malangizo a kuizula ndi kuiwononga pa nthawi yake. Ndipo zophimbira zisafike pa nkhokwe, pa khola kapena pa zipupa za nyumba, pazikhala mpata woyera woti muziona tinjira ta chiswe tikayamba.

Pa mitengo yobzala kumene samalani kwambiri. Ine ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinaphunzitsa gulu lina kuphimbira mbande za bulugamu, ndipo pofuna kuonetsa luso ndinaunjika udzu mpaka kukhudza tsinde la mbande iliyonse. Pofika chilimwe chiswe chinali chitadya udzu n'kupitirira kukungudza makungwa, ndipo mbande zambiri zinauma chiimire. Akuluakulu a m'mudzimo sanandinyoze, anangondionetsa mmene iwo amachitira, kusiya mpata wonga chikhatho pakati pa tsinde ndi zophimbira, n'kuwazapo phulusa. Kuyambira pamenepo ndimaphunzitsa zimenezo, ndipo n'chimodzimodzi ndi chinangwa ndi nzimbe zobzala kumene.

Kuti nkhani ya pakhomo ithe bwino popanda kukangana ndi apongozi, apempheni kuti chaka chino mugawe kachigawo. Mizere khumi iwo awotche monga akufunira, mizere khumi yoyandikana nayo muphimbire, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana. Ng'amba ikadzabwera mudzapite nonse masana mukapise chala m'nthaka mbali zonse ziwiri, ndipo mu Epulo mudzawerenge mapesi ogwa. Ngati muli ndi ana a sukulu, apatseni ntchito ya timatumba ija: masamba a nandolo odzaza manja awiri m'kathumba ka anyezi ka mabowo aakulu, ena ofanana m'kansalu ka nayiloni kothinana, zonse zigone pansi pa zophimbira kuyambira Disembala, adzatsegule mu Febuluwale. Asagwiritse ntchito neti ya udzudzu, chifukwa ili ndi mankhwala opha tizilombo ndipo idzasokoneza zotsatira.

Mlangizi wa dera lanu mumuitane msanga mukaona chimanga chikufota kapena kudulidwa pa tsinde chikadali chofika m'mawondo, mukaona chogwa chikufika phesi limodzi pa khumi alionse chisanakhwime, kapena mukazula mbewu yofota n'kupeza mbozi zoyera zonenepa zopindika pa mizu m'malo mwa chiswe, pakuti imeneyo ndi nkhondo ina ndipo njira zake n'zina. Popita ku ofesi ya zaulimi musapite chimanjamanja. Zulani phesi lodwala ndi mizu yake ndi dothi lomwe, muike m'jumbo, tizilombo timene mwapezapo muike m'kabotolo, ndipo ngati n'chiswe muyesetse kutolamo asilikali ake a mitu yofiira, chifukwa mtundu wa chiswe amauzindikira poyang'ana asilikaliwo.